Kodi mu Mulungushi Mutsale Madzi Ochuluka Bwanji Kuti Ana Athu Asambiremo?

Mwezi wa Okutobala ukafika mumzinda wathu wa Kabwe, palibe amene amadikira kuuzidwa. Malata amathetheka padenga ndi kutentha, fumbi limakwera m'misewu ya ku Bwacha, Katondo ndi Makululu, ndipo ana akangoweruka kusukulu maganizo awo onse amakhala pa madzi. Sitikunena madzi a m'kapu ayi, koma madzi oti munthu alowemo thupi lonse, amire, avuuke, akuwe ndi kuseka. Ife makolo timawakalipira, komabe tikakumbukira ubwana wathu timachita manyazi pang'ono, pakuti ambiri a ife tinakulira m'mphepete mwa mitsinje ya kwathu ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, kumene kusambira sikunali kopempha kwa munthu.

Kabwe alibe mtsinje waukulu wodutsa pakati pake. Mzindawu unamangidwa pano chifukwa cha miyala ya mtovu ndi zinki imene inapezeka mu 1902, pamalo amene azungu anawatcha Broken Hill. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsalira m'dothi la makomboni oyandikana nawo ndiponso m'ngalande imene inkatulutsa madzi a kumgodi, ija yodutsa cha ku Chowa. Tonse tikudziwa zimene mtovu umachita m'magazi ndi m'bongo wa mwana. Tikudziwanso kuti mwana akasowa mtsinje wabwino sakhala pakhonde kudikira mvula. Amatsata madzi alionse amene maso ake awaona, kaya ndi m'ngalande, kaya ndi m'dzenje losiyidwa ndi okumba miyala. N'chifukwa chake funso la mwezi uno, loti mtsinje uyenera kutsala ndi madzi ochuluka bwanji kuti anthu asewereko ndi kupumulirako, likukhudza khomo lililonse, ngakhale limene silinaonepo bwato la injini.

Mtsinje wa eni ambiri

Mtsinje wapafupi umene tingautche wathu ndi Mulungushi. Aliyense wopita ku Kapiri Mposhi pa msewu waukulu wa Great North amauwoloka kumpoto kwa mzinda. M'mbali mwake muli thanthwe lotchuka lija limene chipani cha UNIP chinachitirapo msonkhano mu 1960, pamenenso Dr. Kenneth Kaunda analengezera za kusintha kwa chuma cha dziko mu 1968. Pafupi pomwepo pali Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008. Kuchoka apo mtsinjewu umakhotera kum'mawa ndi kum'mwera mpaka kukalowa m'damu la Mulungushi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda.

Damu limeneli ndi nkhalamba. Linatsegulidwa mu 1925 ndi mwana wa mfumu ya ku England, amene pambuyo pake anadzakhala Edward VIII, ndipo cholinga chake chinali chimodzi basi: kupereka magetsi kumgodi wa Broken Hill. Madzi atadzaza kuseri kwa khoma panabadwa nyanja yotalika makilomita pafupifupi 20, ndipo m'mphepete mwake munabadwanso Mulungushi Boat Club ndi mipikisano yowedza nsomba. Tinene mosabisa kuti chisangalalo chonsechi chinabwera ngati mlendo wongogonera. Mwini nyumba anali magetsi, ndipo mpaka lero ndi magetsi. Kuyambira mu 2001, migodi itagulitsidwa, makina a pa Mulungushi pamodzi ndi a pa mtsinje wa Lunsemfwa, amene amadalira damu la Mita Hills, akuyendetsedwa ndi kampani ya Lunsemfwa Hydro Power. Madzi akatha kuzunguza makinawo amatsikira m'chigwa cha Luano, nakumana ndi Lunsemfwa, kenaka Luangwa, mpaka kukathira mu Zambezi.

Tsono taonani kuchuluka kwa amene amatunga mumtsinje umodziwu. Ena mwa madzi a m'mipope ya mu Kabwe amachokera mu Mulungushi, ena m'zitsime zakuya. Alimi a mafamu aakulu amapopa madzi othirira tirigu m'chilimwe, monganso achitira anzawo a ku Mkushi kumtunda kwa Lunsemfwa, kumene madamu a m'mafamu ndi ambirimbiri. Alimi a madimba amatunga ndi ndowa ndi timapampu tawo. Ng'ombe zimamwa, amayi amachapa. Mwa onsewa, akuluakulu aja ali ndi nambala. Mwini famu ali ndi chilolezo cholembedwa kuchuluka kwa madzi amene angapope. Injiniya wa magetsi amadziwa madzi amene makina ake amameza pa sekondi iliyonse. Koma mwana wosambira, bambo wa mbedza ndi banja limene layala mkeka pansi pa mkuyu tsiku la Sabata masana alibe nambala iliyonse. Ndipo pogawa madzi, amene alibe nambala amalandira zotsala.

Mtsinje amauyeza bwanji?

Ife tikafika pamtsinje timaweruza ndi maso. Timati "madzi achepa chaka chino," kapena "mtsinje wadzaza." Akatswiri a za madzi sakhutira ndi mawu otere. Iwo amafunsa kuti: pamalo pano, pa sekondi imodzi, pakudutsa madzi ochuluka bwanji? Muyeso wawo ndi kiyubiki mita pa sekondi. Mawuwa asatiopseze. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndiko kuti migolo 5 ya malita 200, ija timasungiramo madzi kuseri kwa nyumba. Mtsinje ukamatsitsa kiyubiki mita imodzi pa sekondi, ndiye kuti migolo 5 yodzaza ikudutsa pamaso panu nthawi iliyonse imene mwaphethira.

Kupeza nambalayi kumafuna zinthu zitatu: kutambalala kwa mtsinje, kuya kwake, ndi liwiro la madzi. Tiyerekeze kuti mwasankha malo owongoka, opanda miyala yambiri, ndipo chingwe chanu chaonetsa kuti kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija ndi mamita 10. Mwayeza kuya ndi ndodo m'malo angapo, m'mbali ndi pakati, ndipo mutaphatikiza ndi kugawa mwapeza theka la mita. Mamita 10 kuchulukitsa ndi theka ndi 5. Tsopano ponyani lalanje pakati pa mtsinje. Lalanje ndi labwino kuposa tsamba chifukwa limamira pang'ono, choncho mphepo siilinyenga. Ngati layenda mamita 20 pa masekondi 40, liwiro lake ndi theka la mita pa sekondi. Koma madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi, amene amakhulana ndi mchenga ndi miyala, motero akatswiri amachotsako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5. Theka lija limasanduka 0.4. Chulukitsani 5 ndi 0.4, yankho ndi makiyubiki mita 2 pa sekondi, migolo 10. Mwana wa Giredi 7 angathe kuchita samu imeneyi pansi pa mtengo.

A boma ndi a makampani sagwiritsa ntchito malalanje, ndithudi. Ali ndi kachipangizo kokhala ndi timapiko tozungulira kamene amakamiza m'madzi, ndipo masiku ano palinso makina oyeza liwiro la madzi ndi mafunde a mawu. Komabe nzeru yake ndi yomweyo. Mwina munaonapo pafupi ndi milatho timatabwa tachitsulo toyera, tolembedwa manambala ngati rula ya kusukulu, toimikidwa m'madzi. Katswiri amayeza mtsinje kambirimbiri, madzi ali ochepa ndiponso atasefukira, ndipo nthawi iliyonse amalemba pamene madzi afika pa kathabwako. Pakapita zaka amakhala ndi ndondomeko yoti akangowerenga nambala ya pa thabwa, adziwiretu migolo imene ikudutsa. Ntchito yaikulu imagwera munthu wamba amene amapita m'mawa uliwonse kukawerenga thabwalo ndi kulemba m'kabuku. Pa Zambezi, cha ku mathithi a Victoria, kulemba kotere kunayamba zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mabuku amenewo ndi amene amathandiza lero podziwa madzi amene akubwera ku Kariba.

Okwanira kwa yani?

Kudziwa migolo imene ikudutsa ndi theka chabe la ntchito. Theka lovuta ndi kudziwa migolo imene ikufunika, pakuti "madzi okwanira" a munthu mmodzi ndi ngozi kwa mnzake.

Tiyambe ndi mwana. Iye amafuna madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno, oyenda mofatsa, pansi pali mchenga. Akatswiri oona za ngozi za madzi amachulukitsa kuya ndi liwiro kuti adziwe mphamvu imene madzi amakankhira miyendo ya munthu, ndipo chimene amapeza n'chimene agogo athu ankadziwa kale: madzi a m'mawondo othamanga amagwetsa munthu wamkulu, pamene madzi a m'chifuwa odekha amangomunyamula. Mtsinje umene mwana anasambiramo bwinobwino mu Seputembala ukhoza kumutenga mu Januwale pamalo omwewo, ngakhale madzi atangokwera pang'ono, chifukwa liwiro lawirikiza.

Koma apa ndi pamene makolo ambiri timalakwitsa. Timaganiza kuti madzi akachepa kwambiri ndiye kuti ana ali pabwino. Mtsinje ukasiya kuyenda umaduka maiwemaiwe. Madzi amatentha, ndere zimamera, udzudzu umaswana, ndipo nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo zimakonda malo otere, odekha ndi a zomera zambiri. Zonyansa zochokera kumtunda, zimene madzi ambiri akanazisungunula ndi kuzikokolola, zimakhazikika pomwepo. Kumene kuli ng'ona, nazonso zimasonkhana m'maiwe akuya otsalawo, momwemo mmene ana akufuna kudumphira. Choncho pali malire awiri: madzi akapitirira ena amakokolola, akatsika pa ena amadwalitsa. Malo a mwana ali pakati.

Wa bwato naye ali ndi zake. Bwato logoba silifuna madzi ambiri, koma liyenera kudutsa pa mchenga ndi pa miyala popanda kukwakwa pansi, ndipo malo amodzi osaya amakwana kuononga ulendo wonse. N'chifukwa chake oyeza sapita pa dziwe lakuya. Amafunafuna malo osaya kopambana onse, nafunsa kuti pamafunika migolo ingati kuti bwato lipite pamenepo. Wa mbedza amadalira nsomba, ndipo nsomba zimafuna madzi oyenda okhala ndi mpweya, ndiponso kusefukira kwa m'dzinja kumene kumazitsegulira madambo oti zikaswere. Mlamba umapirira m'matope, koma nsomba zambiri sizitero.

Pa damu nkhani imasinthako. Pamenepo chofunika si liwiro koma msinkhu wa madzi. Makina akamameza madzi ochuluka kuposa amene mtsinje ukubweretsa, nyanja imabwerera m'mbuyo. Potsetserekera mabwato pamatsala pamtunda, pakati pa udzu ndi madzi pamakhala thope loti munthu n'kutitimira, ndipo zitsa ndi miyala imene inamizidwa kale imatulukira. Paja akulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Nzeru za kutali ndi malire ake

Munthu amene anayesa kupereka yankho lachidule pa funso limeneli ndi Donald Tennant wa ku America. Atayeza mitsinje ya m'zigawo za Montana, Wyoming ndi Nebraska kwa zaka zambiri, analemba mu 1976 kuti poyambira ndi kudziwa madzi amene mtsinje umatsitsa mwapakatikati pa chaka chonse. Mukasiyamo magawo 10 pa 100 alionse a madziwo, zamoyo zimangopulumuka kwa kanthawi kochepa, miyala ili pamtunda ndipo bwato likuvutika kuyenda. Mukasiyamo magawo 30, nsomba zimakhala bwino ndipo anthu angathe kusangalalamo. Mukasiyamo magawo 60, mtsinje umakhala wokoma pafupifupi pa masewera onse a m'madzi. Njirayi inafala m'maiko ambiri chifukwa ndi yosavuta ndi yotsika mtengo.

Ife sitingaimeze yonse. Mitsinje yathu imadya kamodzi pachaka, kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenaka n'kukhala miyezi 7 popanda dontho la mvula. Nambala yapakatikati ya mtsinje wotere ili ngati kunena kuti banja limadya bwino chifukwa linapha mbuzi pa Khirisimasi. Mu Febuluwale madzi amapitirira nambalayo kutali, mu Okutobala amatsika pansi pake ngakhale popanda wopopa ndi mmodzi yemwe. Akatswiri a ku South Africa, kumene mitsinje imafanana ndi yathu, anaona vuto limeneli, nayamba kuwerengera mwezi ndi mwezi: madzi ochepetsetsa a m'chilimwe pawokha, kusefukira koyamba kwa mvula pakokha, chigumula chachikulu chotsuka mchenga pachokha.

Palinso njira ina imene ife yatikomera kwambiri, chifukwa imalemekeza anthu wamba. Kumene kuli damu, eni ake amatsegula madzi pa muyeso wodziwika tsiku loyamba, muyeso wina tsiku lachiwiri, wina lachitatu. Opalasa mabwato, owedza ndi osambira amalowa m'madzi tsiku lililonse, ndipo madzulo amafunsidwa mmene zinaliri: kodi munakwakwa pansi kangati, kodi munachita mantha, kodi mungabwerenso? Mayankho awo akaikidwa pambali pa manambala a injiniya, pamatuluka malire atatu: madzi ochepetsetsa opiririka, madzi okoma, ndi madzi oopsa. Makina okha sangathe kupeza malire amenewa, pakuti kukoma kwa mtsinje amakudziwa ndi amene ali m'madzimo.

Zimene dziko lathu laona kale

Tisaganize kuti izi ndi zachilendo kuno kwathu. Pomanga damu la Itezhi-Tezhi pa Kafue, limene linatha m'zaka za m'ma 1970, panaikidwa lamulo loti mwezi wa Malichi azitsegula madzi okwana makiyubiki mita 300 pa sekondi kwa masabata 4, kuti madambo a Kafue Flats asefukire monga kale chifukwa cha msipu wa ng'ombe, nsomba ndi nyama za kumeneko. Imeneyo ndi migolo 1,500 pa sekondi. Anthu akhala akutsutsana ngati madziwo ndi okwanira, ndiponso ngati amatsegulidwa pa nthawi yoyenera. Koma taonani: akutha kutsutsana chifukwa pali nambala yolembedwa yoti aikane.

Ku Livingstone, kumene mabanja ambiri amadya za alendo, kalendala ya ntchito imalembedwa ndi Zambezi. Kuyambira mu 1981 anthu akhala akutsika ndi mabwato a mphira m'chigwembe cha Batoka, kumunsi kwa mathithi. Madzi akachepa, cha m'ma Ogasiti mpaka kumapeto kwa chaka, amayambira pafupi ndi mathithi penipeni. Akakwera amayambira kumunsi, ndipo akasefukira kwambiri ulendo umaimitsidwa. Dziwe lotchuka lija la pamlomo pa mathithi, lotchedwa Devil's Pool, limasambidwa m'miyezi ya madzi ochepa yokha. Ndipo kwa anzathu a ku Barotseland, mwambo wa Kuomboka sungachitike ngati madzi a m'dambo sakwana kunyamula bwato la mfumu, Nalikwanda. Mu 2019 mwambowu unalephereka chifukwa madzi anachepa. Kumeneko palibe amene anganene kuti kuya kwa madzi ndi nkhani ya masewera chabe.

Lamulo lilipo, mawu athu ndi amene akusowa

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la kasamalidwe ka madzi, ndipo kuchokera m'lamulo limeneli munabadwa bungwe la WARMA, limene limapereka zilolezo kwa opopa madzi ambiri. Wotunga madzi a pakhomo safunika chilolezo. Chinthu chachikulu m'lamuloli n'choti madzi asanagawidwe kwa amalonda, pakhale gawo lopatulidwa la zosowa zenizeni za anthu ndi la zamoyo za mumtsinje. Lamuloli linatsegulanso khomo loti ogwiritsa ntchito madzi a dera limodzi apange mabungwe awo ndi kumveka pogawa. Mulungushi ali m'chigawo cha madzi cha Luangwa, ndipo khomo limeneli ndi lathunso.

Tikudziwa zimene ena mwa owerenga athu akunena mumtima. Tinaona chilala cha 1992. Tinaonanso cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, chimanga chitapserera m'minda, Kariba atatsika, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. M'chaka chotere, ndani angaimirire pamsonkhano n'kupempha madzi osambira? Ifenso sitingatero. Pa chilala, kumwa kuli patsogolo, chakudya pambuyo pake, ndipo wa bwato adikire. Koma zaka zambiri si za chilala, ndipo m'zaka zabwinozo mtsinje ukhozabe kuuma mu Okutobala, osati chifukwa kumwamba kwakana, koma chifukwa mapampu a kumtunda achuluka ndipo mitengo ya m'mphepete yathera m'matumba a makala. Kuwonjezera apo, madzi amene mwana amafuna kuti asambe bwino ndi pafupifupi omwewo amene nsomba imafuna kuti ipume, omwewonso amene mayi wa kumunsi amafuna kuti achapire. Wosambira samwa mtsinje. Akatuluka, migolo yonse imapitirira ulendo wake kupita ku makina a magetsi. Mwa onse ogwiritsa ntchito Mulungushi, iye yekha ndi amene amapempha popanda kuchotsako.

Chosowa ndi umboni. Pamsonkhano wogawa madzi, mwini famu amabwera ndi mapepala, injiniya ndi mapepala, ife timabwera ndi kudandaula kuti kale mtsinje sunali chonchi. Pano pali ntchito imene gulu la achinyamata a paparishi, kapena kalasi ya sayansi ya sukulu iliyonse ya mu Kabwe, lingathe kuigwira popanda ndalama zambiri. Asankhe malo amodzi amene mabanja amakonda kupitako, apemphe chilolezo kwa mwini malo kapena kwa amfumu, ndipo azipita tsiku limodzi pamwezi pamodzi ndi munthu wamkulu wodziwa mtsinjewo. M'miyezi ya mvula asalowe m'madzi konse. Angoika chizindikiro pa thanthwe kapena pa tsinde la mtengo, n'kulemba pamene madzi afika. M'chilimwe ayeze ndi chingwe, ndodo ndi lalanje, ndipo pambali pa nambala alembe zimene aona: ngati madzi akuyenda kapena aima, ngati pali ndere ndi nkhono, ngati bwato ladutsa pa mchenga, ndiponso ana a msinkhu wanji amene anatha kusamba. Pakatha zaka 3 kabukuko kadzayamba kulankhula, ndipo kadzaonetsa mwezi umene madzi amatsika pa malire, ndi migolo ingati imene imasowa.

Nthawi yabwino yoyambira ndi mwezi wa Meyi kapena Juni, madzi atayera ndi kudekha, kuti pofika Okutobala mukhale muli ndi poyerekezera. Tengani malalanje atatu, pakuti loyamba limakonda kukodwa m'bango.